Gawo la wokonza nyali

Lungwena,
tsiku loti mawa unyamuka.

Mwana wanga Lusiya,

Ndakhala kuseri kwa tchalitchi, pamthunzi wa mango, chifukwa kunyumba mayi ako akungondiyang'ana ndipo cholembera sichikuyenda. Mapepalawa ndathothola m'kope lako lakale. Zilembo zanga uzipirire. Ukudziwa kuti sukulu ndinaisiyira panjira, ndipo dzanjali linazolowera pulayala kuposa bolopeni.

Dzulo unandiuza mawu ako uli chiimire pakhomo. Unati chikwama walongedza, malo ako ku yunivesite akukudikira, koma minibasi ya mawa sukwera ngati ine sindivomera kulowa m'malo mwako ku shedi ya amalume ako a Fanuelo, kumene wakhala ukutchaja mabatire a asodzi. Unati sungasiye mayi ako m'nyumba yopanda wobweretsa kanthu. Ndinakuyankha zoipa, ndipo sindizibwereza pano. Yankho lenileni lili m'kalata muno. Koma uwerenge yonse, usathamangire kumapeto, chifukwa madzulo ano pokutsanzika olankhula ndi amalume ako, eni mbumba. Ine mkamwini ndikakhala cha kumphepete kwa mkeka, n'kumavomereza ndi mutu. Mawu anga alibe malo ena koma pano.

Iwe unabadwa nyali zopopa zikadali panyanja, koma sudziwa kuti zinali chiyani kwa ife. Usipa umatsata kuwala. Boti lililonse linali ndi kabwato kake konyamula nyali, ndipo nyalizo zinali zovuta ngati makanda: kumwa palafini kosaleka, kufuna kupopedwa, kutsekeka kabowo kotulukira mafuta, kusweka galasi madzi ozizira akangolidonthera. Kansalu koyera kam'kati kaja, kamene kamawala, kankayoyoka ukangogunda nyali pang'ono. M'mawa maboti akakocheza, nyali zonse zodwala zinkabwera kwa ine pansi pa mkuyu wa padoko. Ndinkasintha kachikopa ka pampu, kutokosa kabowo ndi kasingano, kumata thanki yodontha ndi mtovu. Sindinali mwini boti. Sindinali mmodzi wa alovi, amuna okoka ukonde aja. Komabe boti silinkabwerera pamadzi nyali zake zisanadutse m'manja mwanga.

Padoko pathu pali mwambo umene ukuudziwa ndi maso koma mwina sunauganizirepo. Boti likakocheza, malonda asanayambe, mwini boti amayamba watapa gawo la anthu amene amagwirira ntchito botilo ali kumtunda: wosoka ukonde, womata boti, ndi wokonza nyali. Supempha. Umangoima pamalo pako ndi mbale, iye n'kutapa ndi manja awiri, osayang'anana n'komwe, osathokozana, chifukwa munthu sathokoza polandira chake. Gwira mawu amenewa, Lusiya: supempha. Usipa umene unakukuza unali wa gawo limenelo. Mayi ako ankaphikako, wina n'kuyanika pa thandala, n'kusinthanitsa ndi chimanga cha anthu a ku Chowe. Ndinkayenda kuchokera padoko kupita kunyumba mbale ili poyera, osaiphimba.

Amalume ako nthawi imeneyo anali munthu wa njinga. Ankapalasa kupita ku Boma, n'kubwerako atamanga zigubu za palafini uku ndi uku, thukuta lili kamukamu, kudzatula kwa Abiti Sumani amene ankagulitsa m'mabotolo pafupi ndi mkuyu wanga. Tsiku lina anatulutsa m'thumba babu loyera, mawaya awiri ndi kabatire. Anati waziona kwa asodzi a tsidya lija, ndipo kumeneko palafini ayamba kumuiwala. Anagwada pafupi ndi bokosi langa la zida, nati:

"Alamu, izi zikubwera kuno. Manja anuwa amadziwa kumata ndi mtovu, mawaya safuna china. Tiyeni tiyambe limodzi, inu kukonza, ine kusaka katundu."

Ndinaseka. Panali anthu, ndipo ndinafuna kuti amve. Ndinati usipa si njenjete kuti ukopeke ndi kuwala kozizira kopanda fungo, nsomba imadziwa moto weniweni. Ndinawonjezera kuti wopalasa njinga asamaphunzitse mmisiri. Anthu anaseka nane. Amalume ako anabweza babu m'thumba, anakwera njinga yawo, anapita. Usipa unabwera ku mababu, mwana wanga. Unabwera ngati sunaonepo nyali ina chibadwire.

Kumene ukupitako udzakumana ndi chinthu chatsopano chili m'manja mwa munthu amene ukumuona ngati wochepa kwa iwe. Usaseke. Ngati ukufuna kukana, kana muli awiri, kuti tsiku losintha maganizo njira yobwerera ikhalepo. Ine ndinakanira pagulu, ndipo pamene ndinaona kuti ndalakwa, nkhope za anthu amene anaseka nane zija ndizo zinaima pakati pa ine ndi khomo la amalume ako. Shedi ndinkaiona ikukula, denga likudzaza masola, ine n'kumazungulira njira ya kumanda kuti ndisadutsepo.

Sindinalekere pomwepo, ndipo ichi unachiona wekha ngakhale unali wamng'ono. Eni maboti atayamba kutaya nyali zawo, ine ndinayamba kuzitolera. Ndinali wotsimikiza kuti mababuwo apsa onse nyengo ya mvula, mabatire afa, ndipo anthu adzabwera pansi pa mkuyu akupepesa. Ndinagulitsa mbuzi zathu kuti ndigule nyali zimene eni ake akanandipatsa ulere ndikanangodikira pang'ono. Ndinazikonza zonse, kuzipukuta mpaka kuwala, n'kuzindandalika pa sanja ya kukhitchini. Mayi ako anangofunsa kamodzi ngati nyali zimabereka. Zikadali pomwepo, mavu amangamo. Mababu ankapsadi, koma anthu ankangogula ena. Palibe amene anabwerera m'mbuyo. Ukaona kuti chinthu chikutha, Lusiya, usathiremo mbuzi zako pofuna kuti uoneke kuti sunalakwe poyamba paja. Kulakwa kwachiwiri n'kumene kunatisiya opanda kanthu, osati koyamba.

Koma usaganize kuti ndalemba kuti ndingodzitsutsa ndekha. Chakukhosi ndili nacho, ndipo ndifa nacho. Anabwera anthu pa galimoto yoyera, atavala zipewa zofanana, kudzachititsa msonkhano padoko. Anafotokoza kuti utsi wa mafuta ukutenthetsa dziko lonse lapansi, n'chifukwa chake mvula yasokonekera, nyanja chaka china ikulowa m'nyumba za anthu, chaka china ikuthawa. Anaitanira eni maboti kutsogolo, anawapatsa mipando, anawaonetsa mababu ndi masola. Ine ndinali chiimire kumbuyo, pulayala ili m'thumba. Ndinadikira kuti wina afunse kuti kodi nyali zakalezi amakonza ndani, palafiniyu amagulitsa ndani, nanga amenewo apita kuti. Palibe anafunsa. Anajambula zithunzi, anamwa zoziziritsa kukhosi, fumbi la galimoto linatsala likutithira m'maso.

Abiti Sumani anatsala ndi mabotolo opanda kanthu. Pano ali kwa mwana wawo kwa Mponda, amatungira madzi omanga nyumba, pa msinkhu umenewuja. Wa sitolo amene ankaitanitsa magalasi ndi tinsalu ta nyali anatseka n'kupita ku Joni, mkazi wake sakudziwa ngati ali moyo. Kenaka kunabwera matenti oumitsira nsomba ndi dzuwa, ndipo amuna a kumapiri amene ankatsika ndi nkhuni panjinga kudzagulitsa kwa owamba nsomba anayamba kubwerera nazo zina. Ndikudziwa, mitengo yapumako. Koma ana a anthu amenewo sanapume kudya. Ena mwa iwo tsopano akuotcha makala, kudula mitengo yomweyo mobisala.

Iwe unandifotokozera bwino tsiku lija tinkatongola chimanga pakhonde. Unati dziko lathu limagulitsa fodya, tiyi ndi shuga kunja, ndipo ndalama zakunja zimene limapeza zambiri zimathera pogula mafuta. Unati n'chifukwa chake zikasowa, mizere ya galimoto ku Boma imatalika, ndipo sopo ndi mchere womwe zimakwera mtengo ngakhale sizimwa petulo. Unati dzuwa sitiitanitsa kunja, ndipo botolo lililonse la palafini limene msodzi sanagule ndi ndalama yotsalira mankhwala a kuchipatala kapena feteleza. Ine ndinafunsa ngati mabatire ndi masolawo amamera m'munda mwa amalume ako. Unavomera kuti nawonso ndi akunja, koma unati sola umagula kamodzi n'kukhala nayo zaka, pamene palafini ukagula lero, mawa wasanduka utsi. Pamenepo ine ndinanyamuka kukathamangitsa nkhuku zimene sizinalakwe kanthu.

Unkanena zoona. Ndili ndi maso. Alovi sakupsanso manja, kabwato sikakuyakanso moto pakati pa madzi monga kanachitira kamene kanapha mnzanga wina tili anyamata. Eni maboti akhoma malata. Achinyamata amene akanakhala akungoyendayenda akulumikiza mawaya m'nyumba za anthu. Mayi ako chifuwa chija chinachepa chibweretsere iwe kanyali ka sola m'nyumba, kamene ine ndinalumbira kuti sindidzakayatsa, ndipo ndimakayatsa iwe ukachoka. Zonsezi ndikuzivomera, ngakhale zikundiwawa polemba.

Ndiye dandaulo langa si lakuti dziko lalakwa njira. Dandaulo langa n'lakuti phindu siligwera pamalo pamene pagwera tsoka. Phindu lagwera pa shedi ndi pa eni maboti, tsoka lagwera pansi pa mkuyu. Munthu wokhala ku likulu akaphatikiza zonse pamodzi amapeza kuti dziko lapita patsogolo, ndipo sanama. Koma ine sindingapite ku likulu kukatenga gawo langa la kupita patsogoloko. Ukupita kukaphunzira za chuma cha dziko, ndipo unati ukufuna kudzagwira ntchito ya zamagetsi zomwezi. Tsiku lina udzakhala pakati pa anthu onena kuti dziko lisiye ichi, litenge icho. Dzana anali ife a palafini. Mawa adzakhala a makala, a pamalo omwetsera mafuta, okonza mainjini, okumba malasha kumpoto kuja. Sindikuti udzaletse. Ndikuti pamsonkhano udzayende mpaka kumbuyo, kumene kwaima anthu opanda mipando, udzawafunse ntchito imene amagwira. Udzawauze poyera, nthawi ikadalipo, kuti ntchito yanu ikutha, bwerani muphunzire iyi. Ena adzakuseka monga ndinasekera ine. Udzabwererenso kachiwiri, uli wekha, opanda gulu.

Pali zinanso zimene mutu wanga sufikapo, ndipo ndikukutuma kuti ukazifunse kwa aphunzitsi ako. Mabatire akufa akungotayidwa kuseri kwa mathandala, ana akuwaswa ndi miyala, madzi ake akulowa mumchenga womwewo umene timayanikapo ukonde. Kodi amayenera kupita kuti? Nanga n'chifukwa chiyani ngakhale kawaya kakang'ono kamachokera kunja? Kodi sipangakhale malo kuno kwathu opangira zina mwa zimenezi, kuti ana a Abiti Sumani apezepo pogwira? Mwina mayankho alipo kale ndipo ine ndi amene sindinawamve. Ukawapeza, udzandifotokozere pang'onopang'ono. Sindidzathamangitsanso nkhuku.

Tsopano ndikuuze za mbale, chifukwa wakhala ukundifunsa chimene ndinasiyira kupita kudoko, ine n'kumati mwendo. Mwendo uli bwino.

Nyali sizinathe tsiku limodzi kuti munthu adziwe kuti lero ntchito yatha. Zinkachepa pang'onopang'ono. Mwezi wina zingapo, wina imodzi, kenaka ya munthu wa kumudzi yoyatsa pamaliro, kenaka zii. Ine m'mawa uliwonse ndinkanyamula bokosi la zida ndi mbale, kukakhala pansi pa mkuyu. Boti likakocheza ndinkakaima pamalo panga, pakati pa wosoka ukonde ndi womata boti, ndipo ankanditapira. Mumtima ndinkati ndi gawo langa, mwambo ndi mwambo, mmisiri amalandira chifukwa alipo ngakhale tsikulo pasakhale chowonongeka. Zaka zinadutsa choncho. Zida ndinkazipala dzimbiri kuti zizioneka ngati zagwira ntchito dzulo.

Mwezi wathawu, mwera utavuta, boti la Che Amidu linabwera ndi usipa wochepa, mabeseni osadzaza. Ogula anali ambiri, akukankhana ndi zigongono. Che Amidu anatapira wosoka ukonde, anatapira womata boti, anatapira ine. Mayi wina wogula, mlendo wa ku Limbe wosadziwa za kuno, anafunsa kuti awiriwa ntchito yawo waiona, nanga agogowa agwira chiyani kuti atenge usipa umene anthu akulimbirana. Sankanyoza ayi, ankafunsa monga wamalonda. Che Amidu anatsitsa mawu, poganiza kuti makutu anga anakalamba pamodzi ndi tsitsi:

"Asiyeni madalawa, mayi. Imeneyo ndi sadaka yanga, ndimapereka chifukwa cha Mulungu."

Sadaka, Lusiya. Chimene anzathu achisilamu amapereka kwa akhungu ndi amasiye pakhomo la mzikiti. Ndinayang'ana wosoka ukonde, iye anayang'ana kumadzi. Ndinayang'ana alovi, onse anatanganidwa ndi zingwe zimene zinali zomanga kale. Pamenepo ndinadziwa kuti doko lonse linkadziwa, kupatula ine ndekha. Zaka zonsezo ndinkaima pamzere wa amisiri ndili wopemphetsa, chifuwa chili patsogolo, osathokoza n'komwe, chifukwa ndinkati ndikulandira changa. Wopemphetsa wa pamzikiti amandiposa, iye amadziwa chimene ali ndipo amadalitsa womupatsa.

Che Amidu sindikuwada. Ndi munthu wabwino, ndipo ubwino wawowo ndi umene unandivula. Mbale ndinafika nayo kunyumba nditaiphimba ndi chipewa, chifukwa kutaya sindikanatha. Mayi ako anaphika, iwe unadya n'kuyamikira kuti usipa wa lero ngwonona, ine ndinati m'mimba mwandivuta. Patapita masiku ndinawauza mayi ako. Ndinkayembekeza kuti adabwa, mwina alira. Sanasiye n'komwe kusankha nyemba. Anangoti:

"Ndinkadziwa, bambo a Lusiya. Nanga tikanadya chiyani?"

Ndikuganiza kuti iwenso unkadziwa, ndipo n'chifukwa chake utangomaliza sekondale unapita wekha kwa amalume ako kukapempha ntchito, ine n'kukutchula wogulitsa bambo ake. Ngati unkadziwa, usandiuze. Chimenechi chokha undisungire.

Kuchokera tsiku limenelo sindinapondenso padoko. Ndakhala pakhonde, kudya za m'manja mwa mwana wamkazi, n'kumamukalipira chifukwa cha kumene zachokera. Ndiye pamene unanena dzulo kuti nditenge malo ako, chimene ndinamva m'makutu mwanga ndi mbale ina, yaikulupo, yotapiridwa ndi mlamu amene ndinamunyoza. Ndinaona anthu akudutsa pa shedi n'kumanong'onezana kuti a Fanuelo akusunga mwamuna wa mlongo wawo. N'chifukwa chake ndinalankhula zija. Sindinali kukana ntchito. Ndinkaopa kupatsidwanso chinthu chimene dzina lake lenileni aliyense akulidziwa kupatula ine.

Pa ichi ndikulangize, ndipo usaiwale ngakhale uiwale zina zonse. Chilichonse chimene munthu akukupatsa, udziwe chimene akukupatsira. Kutauni kuli amuna a galimoto amene amadikira atsikana ochokera kumudzi pa geti ya sukulu, mwezi ukafika pakati sopo atatha. Adzakugulira chakudya, adzakugulira foni, adzati ndi chifundo chabe. Funsa mumtima kuti ichi ndi cha chiyani. Ngati ndi malipiro a ntchito imene wagwira, landira mutu uli m'mwamba. Ngati ndi thandizo loona, monga la amalume ako amene akukutumiza kusukuluku, landira, uthokoze ndi pakamwa, usachite ngati unali nalo ufulu. Ngati sukudziwa kuti ndi cha chiyani, bweza. Njala ya masiku ochepa siipha. Chimene chandidwalitsa ine si njala.

Ndipo iwe ukadzakhala wopatsa, usadzabise. Anthu a padoko anandibisira chifukwa chondilemekeza, ndipo ulemu wawowo unandidyera zaka zimene maso anga anali akuthwa, zimene ndikanaphunzira mawaya mosavuta. Pakanapezeka mmodzi wondikokera pambali n'kundiuza kuti madala, nyali zatha, gawo ili si lanunso, ndikanamutukwana, ndikanakwiya mwezi wathunthu, kenaka ndikanadzuka. Munthu ukamukonda umuuze.

Zina ndi zazing'ono. Anzako akadzaseka kalankhulidwe kako ka kunyanja, usakasinthe chifukwa cha iwo. Usaleke kupemphera, koma usathamangire mpingo uliwonse wokuwa kwambiri. Mayi ako uziwaimbira foni Lamulungu masana, ndipo uziwasiya alankhule za nkhuku ndi za oyandikana nawo mpaka atope, chifukwa funso lenileni amafunsa kumapeto. Nsapato zakuda zija zimakulumira kumbuyo, usayende nazo mtunda wautali tsiku loyamba. Akakufunsa ntchito ya bambo ako, usanene kuti ndi msodzi, usanene kuti ndi wabizinesi. Unene zoona.

Zoona zake ndi izi. Lero m'mawa, iwe utapita kukatsanzika kwa abusa, ndinavala malaya a kutchalitchi n'kupita ku shedi. Sindinazungulire. Ndinadutsa pakati pa doko maboti akukocheza, ndipo anthu anandipatsa moni wambiri kuposa wofunika. Amalume ako ndinawapeza akulandira mabatire. Atandiona anaimirira n'kundikokera mpando. Ndinaukana. Ndinati ndabwera za malo a mwana. Sanamwetulire, sanaitane munthu kuti adzaone, ndipo za kale sitinakambe. Anangoyamba kundionetsa ntchito. Batire lililonse lili ndi kansalu ka mtundu wake komangidwa pa chogwirira, kuti la boti ili lisapite ku boti lina. Masola amapukutidwa ndi madzi ndi nsanza yofewa dzuwa lisanawatenthe, chifukwa fumbi ndi zitosi za mbalame zimadya mphamvu. Masana eni ake amabwera kudzatenga, ndipo batire losadzaza ndi boti lobwerera lopanda nsomba, alovi onse ndi mabanja awo kugona ndi njala.

Anandipatsa mawaya kuti ndiyese. Manja anga, amene anamata mathanki osawerengeka, anawagwiritsa mosemphanitsa. Kunathetheka moto, ndinadumphira m'mbuyo ngati nkhuku. Alovi awiri amene anali pakhomo anatembenuka kuyang'ana kwina. Amalume ako anandilanda mawayawo, nandionetsanso waya wofiira kumene amapita, n'kundibwezera. Kachiwiri ndinakhoza. Kenaka ndinanena chimene ndinapitira:

"Alamu, ndikalephera mudzandiuze pamaso. Musadzandisunge chifukwa cha mlongo wanu."

Anandiyang'ana, nati:

"Mukalephera ndidzakuchotsani, alamu. Mabatirewa si anga, ndi a anthu. Mukapsereza limodzi, mudzakafotokoza nokha kwa mwini wake."

Sindinamvepo mawu okoma chotero kuchokera pakamwa pa munthu ameneyu. Sindikuti ndayamba kumukonda. Ndidzakhala pansi pa ulamuliro wake, ndidzalandira m'manja mwake, ndipo usiku uliwonse chinthu chimenechi chidzandiluma. Galimoto yoyera ija sindinaikhululukire. Koma ndi ntchito imene munthu angachotsedwe, ndiye kuti ndi ntchito.

Choncho kwera minibasi, Lusiya. Chikwama usamasule. Ukakhala chifukwa cha ine, udzakhala wandiwonjezera manyazi amene sindingathe kuwanyamula, oti mwana anataya sukulu kuti bambo ake akhale pakhonde.

Ndikuyamba mawa, ndipo mabatire amafika nthawi yomwe iwe uzidzanyamuka. Ndiye ku siteji sindikuperekeza. Amalume ako anati angathe kundimasula m'mawawo, ine ndinakana, chifukwa munthu sayamba ntchito ndi kupempha. Akuperekeza ndi mayi ako. Wakabaza adzadutsa njira ya kudoko, ndipo udzandiona ndili pa makwerero ndi chidebe ndi nsanza, ndikupukuta masola pamaso pa anthu onse amene ankandidziwa ngati mmisiri. Usamuimitse. Usandiitane, chifukwa ndikatembenuka sindikudziwa chimene nkhope yanga idzachite, ndipo pansi padzakhala pali alovi. Ungoyang'ana mokwanira kuti utsimikize kuti ndine, kenaka umuuze apalase.

Mulungu akutsogolere, mwana wanga.

Ndine bambo ako,
Yonasi